Mwana akamakodza pogona: zoyenera kuchita pakhomo ndi nthawi yopita naye kuchipatala

M'mawa wina wa mwezi wa June, chisanu chitagwira dziko, ndinapeza mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 8, akuyanika bulangeti lake kuseri kwa nkhokwe kusanayere bwinobwino. Anali atalipinda pawiri kuti mbali yonyowa ikhale m'kati, ndipo kabudula amene anagona naye anali atamubisa pansi pa mulu wa mapesi. Nditamufunsa chimene chamudzutsa m'bandakucha chotero, anayankha maso ali pansi kuti, "Amalume, chonde musawauze amayi, ndimafuna liume asanadzuke."

Makolo ambiri amaona kukodza pogona ngati ulesi kapena mwano, koma mwana amene akudzuka kuzizira konse kuja kuti akabise zofunda zake sangakhale waulesi. Mkodzo umatuluka iye ali m'tulo tofa nato, ndipo sangauletse, monga momwe munthu wamkulu sangadziletsere kuliza mkonono. Chimene ambiri sayembekezera n'chakuti ntchito yaikulu yothetsa vuto la usikuli imagwiridwa dzuwa likuswa mtengo, pa zimene mwana akumwa, zimene akudya ndiponso mmene akupitira kuchimbudzi, pamene kumudzutsa pakati pa usiku kuti akakodze, komwe ndi kumene kumatopetsa makolo, kumathandiza pang'ono chabe.

Zimene zimachitika m'thupi la mwana

Munthu akagona, thupi limatulutsa kwambiri timadzi tina totchedwa vasopressin timene timachititsa impso kuchepetsa mkodzo, n'chifukwa chake mkodzo wa m'mawa umakhala wachikasu kwambiri. Mwa ana ena dongosolo limeneli limachedwa kukhazikika, motero impso zimangopanga mkodzo usiku wonse ngati kuti kunja kuli masana. Ana ena ali ndi chikhodzodzo chimene chimasunga mkodzo wochepa kapena chimafinyika chisanadzaze. Pamwamba pa zimenezi, ubongo wa mwana wokodza pogona suumva uthenga wakuti chikhodzodzo chadzaza, ndiye m'malo moti adzidzimuke, amangopitiriza kugona. Ambiri mwa ana amenewa ndi aja oti ngakhale mutawanyamula kuchoka pamkeka kukawagoneka kuchipinda sazindikira kanthu.

Vutoli ndi lofala kuposa mmene timaganizira, kungoti pakhomo pamene lilipo salilankhula. Mwa ana 100 a zaka 5, pafupifupi 15 amakodza pogona, ndipo akamafika zaka 10 amatsala pafupifupi 5. Chaka chilichonse, mwa ana 100 amene ali ndi vutoli, pafupifupi 15 amasiya okha popanda mankhwala alionse. Anyamata ndi amene amachuluka. Mwana wosakwana zaka 5 akamakodza pogona, achipatala sauona ngati matenda n'komwe, ndipo mayi amene akudera nkhawa mwana wa zaka 3 angoyala bwino pogona n'kudikira.

Kumtundu nako kumatengera. Kholo limodzi likakhala kuti linkakodza pogona lili mwana, ana oposa 4 mwa 10 amatengera, ndipo akakhala makolo onse awiri, chiwerengerochi chimafika pa ana pafupifupi 3 mwa 4. Tsiku lomwe lija, mlongo wanga atayamba kukalipa, amayi athu anamuseka n'kumukumbutsa kuti ineyo, malume wake wa mwanayo, ndinasiya kunyowetsa mphasa ndili Sitandade 4. Ndinachita manyazi, koma nkhope ya mnyamatayo inasintha nthawi yomweyo. Ngati pabanja panu pali wamkulu amene anadutsamo, ndipo walolera kuti zinenedwe, muuzeni mwanayo, chifukwa chimene chimamupweteka kwambiri ndi kuganiza kuti padziko lonse ali yekha.

Musanayese njira iliyonse ya pakhomo

Funso loyamba n'lakuti: kodi mwanayu wakhala akukodza pogona chibadwire, kapena anasiya kwa miyezi 6 kapena kuposerapo kenako n'kuyambiranso? Woyambayo kawirikawiri thupi lake langochedwa kukhwima pa mbali imeneyi, ndipo njira za pakhomo zimamuyenera. Wachiwiriyo pali chimene chasintha, m'thupi kapena mumtima, ndipo chiyenera kufufuzidwa.

Choopsa kwambiri ndi matenda a shuga. Mwana amene wayambiranso kukodza pogona mwadzidzidzi, akumva ludzu losatha, akukodza pafupipafupi masana, akuonda ngakhale akudya bwino ndipo akuoneka wofooka, apite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku la msika kapena kutha kwa mwezi. Nthawi zina makolo amaona nyerere zikuunjikana pamene mwanayo wakodza. Shuga wa ana amakula msanga kwambiri, ndipo m'masiku ochepa mwana angathe kuyamba kusanza, kupuma mwabefu mpaka kukomoka. Kuyeza kwake n'kwachidule, amangobaya chala kapena kuviika kapepala mumkodzo.

China chimene kwathu kuno sitiyenera kuchiiwala ndi likodzo. Ana amene amasamba, kuwedza kapena kuchapa m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, kuzungulira nyanja ya Chilwa, m'chigwa cha Shire, m'madambo ndi m'minda ya mpunga, amakumana ndi tizilombo tochokera mu nkhono za m'madzi timene timalowa pakhungu. Mazira a tizilomboti amakakhala m'khoma la chikhodzodzo n'kulitupitsa, ndipo chikhodzodzo chotupa sichisunga mkodzo bwino. Chizindikiro chodziwika ndi timadontho ta magazi kumapeto kwa kukodza. M'madera ena anthu amati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti akukula, koma amenewo ndi matenda, ndipo mankhwala ake, praziquantel, amaperekedwa m'zipatala komanso nthawi zina m'sukulu, potengera kulemera kapena kutalika kwa mwana. Mwana wamkulupo sanganene yekha za magaziwo, choncho mufunseni mwachindunji.

Ngati mwana akumva kuwotcha pokodza, mkodzo wake ukununkha modabwitsa kapena ndi wambuu, akutentha thupi kapena akudandaula m'chinena, n'kutheka kuti m'njira ya mkodzo mwalowa tizilombo, zomwe zimachitika kawirikawiri kwa atsikana. Ana odwala sickle cell, matenda a magazi otengera kwa makolo, amakodza pogona kwambiri chifukwa impso zawo zimalephera kuchepetsa madzi mumkodzo, ndipo amenewa sayenera kumanidwa madzi ngakhale pang'ono, pakuti kuchepa kwa madzi m'thupi kumawadzutsira ululu. Mwana amene amadzuka atanyowa, atadziluma lilime, mutu ukumuwawa kapena ali wosokonezeka, mwina akugwa khunyu ali m'tulo. Amene amaliza mkonono kwambiri, n'kumabanika mpweya kenako n'kupumanso modzidzimuka, akamuone kukhosi, chifukwa ma tonsils, timinofu ta m'mbali mwa khosi m'kati, akakula amasokoneza tulo ndipo ana ena amasiya kukodza pogona vuto la kukhosilo likathetsedwa. Mwana amene amadontha mkodzo masana onse, amene mkodzo wake umatuluka mofooka kapena mokakamiza, ndiponso amene miyendo yake yayamba kufooka, nayenso ndi wa kuchipatala.

Za mumtima nazo zimaonekera pamphasa. Maliro, kutha kwa banja, kubadwa kwa mng'ono wake, kusamukira kwa achibale, kapena kuzunzidwa ndi anzake kusukulu, zonsezi zingachititse mwana amene anali atasiya kuyambiranso. Akayambiranso kwinaku akuoneka wamantha, akukana kutsala ndi munthu wina wake, kapena ali ndi zilonda kumalo obisika, mukhale naye pansi modekha n'kumumvetsera, mupite naye kuchipatala, ndipo m'Malawi muno nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za nkhanza kwa ana.

Madzi amwedwe masana

Cholakwa chimene makolo ambiri amachita ndi kumana mwana madzi. Taonani tsiku la mwana wa kupulayimale: amadzuka, amamwa kakapu ka tiyi kapena phala mothamanga, amakhala m'kalasi mpaka masana osamwa kanthu, akaweruka amakasewera mpira mpaka dzuwa kulowa, ndipo ludzu lonse la tsikulo amadzalipha pa nsima ya madzulo, makapu atatu kapena anayi motsatizana. Madzi amenewo alibe kwina kopita koma pogona. Mukamuletsa kumwa madzulo musanakonze za masana, amagona ndi ludzu kapena amakamwa mobisa kumtsuko, ndipo mkodzo wochepa koma wamphamvu umanyerenyetsa chikhodzodzo n'kuchichititsa kufinyika msanga.

Njira yake ndi kusamutsa madziwo kuti amwedwe m'mawa ndi masana. Mwana wa zaka 4 mpaka 8 amafunika zakumwa zokwana lita imodzi mpaka pafupifupi lita imodzi ndi theka patsiku, ndipo m'miyezi yotentha ya October ndi November amafunika zoposerapo. Amwe kapu yodzaza akangodzuka, atenge botolo la madzi kusukulu n'kubwera nalo lopanda kanthu, amwenso akafika kunyumba ndiponso chakumadzulo dzuwa litapendeka. Mwana amene wamwa mokwanira masana safuna madzi ambiri usiku, ndipo pamenepo n'kosavuta kumuuza kuti mu ola limodzi kapena awiri omaliza asanagone angonyowetsa kukhosi. Tiyi, khofi ndi zakumwa za mtundu wa Coca-Cola zili ndi caffeine amene amachulukitsa mkodzo, choncho asamwe kuyambira masana. Thobwa, Sobo, mavwende ndi nzimbe ndi madzi ndithu ngakhale sitiziwerengera, ndipo ndiwo zowawa mchere kapena usipa wouma wothira mchere wambiri pa chakudya cha madzulo zimadzutsa ludzu la usiku.

Kukodza nako kukhale ndi nthawi yake. Mwana wabwinobwino amakodza ka 4 mpaka ka 7 patsiku. Ana ambiri amaumiriza mkodzo kusukulu chifukwa zimbudzi n'zauve, zilibe zitseko, kapena akuopa kupempha chilolezo kwa aphunzitsi, ndipo ena amangotanganidwa ndi masewera mpaka kumapinda miyendo kapena kukhalira chidendene. Muzolowezeni kukodza akadzuka, pa nthawi yopuma kusukulu, akaweruka, chakumadzulo, ndiponso kawiri usiku: kamodzi atatha kudya, kenanso pamene akukagona penipeni. Ngati n'kofunika, kaonaneni ndi aphunzitsi mwamseri kuti azimulola kutuluka popanda mafunso.

Mungathenso kuyeza chikhodzodzo chake pakhomo pompo. Pa zaka za mwanayo wonjezeranipo 1 n'kuchulukitsa ndi 30, ndipo yankho lake ndi mamililita amene chikhodzodzo cha msinkhu wake chimayembekezeka kusunga. Wa zaka 8 ndi mamililita 270, kungopitirira pang'ono theka la botolo la madzi la mamililita 500. Loweruka ndi Lamlungu, nthawi iliyonse akathinidwa, akodze m'chitini, inu muyeze ndi botolo lakale limene simudzaligwiritsanso ntchito, kusiya mkodzo woyamba wa m'mawa. Ngati mkodzo wochuluka kwambiri umene wakodza pa ulendo umodzi m'masiku awiriwo sukufika magawo awiri mwa atatu a chiwerengero chija, ndiye kuti chikhodzodzo chake chimasunga pang'ono, ndipo zimenezi ndi zothandiza kuwauza adokotala.

M'mimba, kumene ambiri sayang'ana

Ndikanauzidwa kuti ndisankhe chinthu chimodzi chimene makolo amachiphonya, ndikanatchula kudzimbidwa. Thumbo lalikulu limathera kumbuyo kwenikweni kwa chikhodzodzo, ndipo likadzaza ndi chimbudzi cholimba limakanikiza chikhodzodzocho, kuchichepetsera malo ndi kuchichititsa kufinyika nthawi isanakwane. Vuto n'lakuti mwana akangopitirira zaka 4 kapena 5, palibenso wamkulu amene amadziwa mmene amachitira chimbudzi, makamaka pakhomo pamene chimbudzi chake ndi chokumba, poti zonse zimangogwera kudzenje. Mlongo wanga ankalumbira kuti mwana wake alibe vuto limeneli, koma titamufunsa mnyamatayo patokha, anaulula kuti amapita kawiri pa sabata, kuti zimamupweteka, ndiponso kuti amazengereza dala chifukwa pansi pa chimbudzi cha kwawo pankagwedera ndipo ankaopa kugweramo.

Funsani mosapita m'mbali koma mopanda kumuchititsa manyazi. Kupita kosakwana katatu pa sabata, chimbudzi cholimba chokhala ngati timibulu ta mbuzi kapena chachikulu kwambiri, kudzikakamiza, kupweteka kwa m'mimba ndi timizere ta chimbudzi pa kabudula wa m'kati, zonsezi zikuloza kudzimbidwa. Timizere timeneti makolo amatiyesa uve kapena kutsekula m'mimba, koma kawirikawiri ndi chimbudzi chamadzi chimene chikudutsa m'mbali mwa cholimbacho.

Chakudya cha pakhomo chili ndi mankhwala ake. Nsima ya mgaiwa imathandiza kuposa ya ufa woyera, chifukwa gaga amene timachotsa pokonola ndi amene amafewetsa m'mimba. Nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, khwanya, therere, nyemba, nandolo, mbatata, papaya wakupsa ndi mango zizipezeka m'mbale yake kawirikawiri, pamodzi ndi madzi amasana aja. Akatha kudya m'mawa kapena madzulo, akhale kuchimbudzi kwa mphindi zisanu ngakhale asakumva kuthinidwa, pakuti matumbo amayenda kwambiri munthu akangodya. Wa chimbudzi chonjuta ali kale pabwino, koma wa chimbudzi chokhalira amafunika kampando kopondapo kuti mawondo akwere kuposa chiuno. Ngati patapita milungu iwiri palibe kusintha, kuchipatala kuli mankhwala ofewetsa chimbudzi oyenera ana, amene nthawi zina amamwedwa kwa miyezi ingapo. Musamupope madzi a sopo kapena mankhwala azitsamba kumbuyo, chifukwa zimenezi zavulaza ana ambiri m'matumbo. Ana ena amasiya kukodza pogona m'mimba mukangokonzeka, ndipo kwa otsalawo, njira zina zonse zimagwira bwino kudzimbidwa kutachoka.

Usiku weniweniwo

Pali ana amene amadzuka ndithu akathinidwa, koma akaganiza za mdima umene uli pakati pa khomo ndi chimbudzi, za afisi ndi nthano zonse zimene anamva pamoto, amasankha kudikira kuti kuche, tulo n'kuwabanso. Mwana wotereyu vuto lake ndi njira, osati chikhodzodzo. Muikireni ndowa kapena chitini chachikulu pafupi ndi pogona, tochi pamutu pake, ndipo adziwe kuti kudzutsa wamkulu usiku si mlandu. M'nyengo yozizira ya June ndi July afunde mokwanira, chifukwa thupi likazizidwa limapanga mkodzo wambiri, ndipo makolo ambiri amaona okha kuti miyezi imeneyi ndi imene mphasa imanyowa kwambiri.

Nanga kumudzutsa pakati pa usiku? Mabanja ambiri amanyamula mwana cha m'ma 10 koloko kapena pakati pa usiku n'kukamukodzetsa ali m'tulo, mutu uli lende. Njira imeneyi ingapulumutse bulangeti usiku umenewo, ndipo pamene sopo wavuta palibe amene angakudzudzuleni, koma sichiritsa, popeza mwanayo akukodzabe ali m'tulo, kungoti malo ndi amene asintha. Ngati mwaganiza zomudzutsa, adzuke zenizeni, ayende ndi miyendo yake, ndipo zichitike kamodzi kokha, chifukwa mwana wodzutsidwa katatu usiku amakasinza m'kalasi.

Chimene chimaphunzitsadi ubongo ndi kachipangizo kolira kamene kamamangiriridwa ku kabudula wa m'kati, n'kulira kakangomva dontho loyamba la mkodzo. Kamasiyana ndi alamu ya pa foni, imene imalira pa nthawi imene inu mwaitchera mosatengera kuti chikhodzodzo chadzaza kapena ayi. Kachipangizoka kamathandiza ana oposa theka amene akagwiritsa ntchito moyenera, koma kamafuna miyezi iwiri kapena itatu, mwana wofunitsitsa yekha, makamaka wa zaka 7 kupita m'tsogolo, ndi wamkulu wogona pafupi. Milungu yoyamba kamadzutsa nyumba yonse kupatula mwini wakeyo, choncho wamkulu amudzutse, mwanayo akazimitse yekha, akamalize kukodza, asinthe zovala n'kukatcheranso. Amapitiriza mpaka atakwanitsa masiku 14 otsatizana osanyowa. M'masitolo athu sikapezeka kawirikawiri, koma amene ali ndi achibale ku South Africa kapena ku Britain angawatume. M'chipinda chogona ana anayi kapena asanu, njira imeneyi imavuta, ndipo ndi bwino kuyamba mwakambirana ndi enawo.

Pogona pakonzedwe moti ngozi ikachitika isakhale chintchito. Yalani pulasitiki pa matiresi kapena pamphasa, pamwamba pake chitenje chakale chopinda, ndipo pambali pakhale china chouma ndi kabudula wosinthira kuti mwanayo azitha kudzithandiza yekha osadzutsa anthu. Ngati amagona limodzi ndi abale ake, akhale ndi mphasa ndi chofunda chakechake, pakuti chidani chachikulu chimachokera kwa amene akunyowetsedwa. M'mawa asambe ndi sopo asanapite kusukulu, chifukwa fungo ndi limene limamuululitsa kwa anzake ndipo mkodzo wokhalitsa pakhungu umayambitsa zidzolo. Zofunda zitsukuluzidwe kaye m'madzi ozizira musanazichape, ziyanikidwe padzuwa, ndipo soda wophikira wowaza pa matiresi amachepetsa fungo. Mwana wamkulupo angathandize kuchapa, koma ngati ntchito wamba ya pakhomo, yochitidwa pamodzi ndi wamkulu, osati ngati chilango chochitikira pabwalo anthu akuona.

Njira zimene zimawonjezera vuto

Akuluakulu ankati mwana woseweretsa moto madzulo amakodza pogona. Mawuwo anali ndi ntchito yake, yoteteza ana ndi nyumba zaudzu, koma moto ulibe mgwirizano ndi chikhodzodzo. Zoopsa ndi zimene zimachitidwa pofuna kuchititsa mwana manyazi kapena mantha, monga kumusenzetsa mphasa yonyowa kuti azungulire nayo mudzi anzake akumukuwiza, kumumangirira chule m'chiuno, kumukwapula, kumuthira madzi ozizira kapena kumutcha mayina. Mantha amasokoneza tulo ndipo amakulitsa vutolo, komanso amaphunzitsa mwana kubisa, moti tsiku limene adzakodze magazi sadzanena. Kumanga chokodzera cha mnyamata ndi ulusi kapena mphira n'koopsa kwambiri, chifukwa magazi amasiya kuyenda ndipo chiwalocho chingawonongeke usiku umodzi wokha.

Za mizu, makungwa, uchi ndi zina zimene anthu amauzana, palibe chimene chinatsimikizika kuti chimaletsa kukodza pogona. Popeza ana ambiri amasiya okha chaka ndi chaka, chimene mwana anamwa komaliza ndi chimene chimalandira ulemu umene unayenera kupita kwa nthawi. Uchi pang'ono sungavulaze mwana wopitirira chaka chimodzi, koma zitsamba zosadziwika mlingo wake zimatha kuwononga impso zomwezo zimene tikufuna kuti zigwire bwino ntchito. Kuuza mwana kuti aziumiriza mkodzo nthawi yaitali masana, kapena kuti azidukiza pokodza pofuna kulimbitsa chikhodzodzo, nakonso sikuthandiza.

Kuyamikira kumagwira ntchito, koma kulunjike pa zimene mwanayo angathe kuzilamulira. Mukalonjeza mphatso pa usiku wouma, mukumulipira pa chinthu chimene sichili m'manja mwake, ndipo akalephera amasweka mtima kawiri. Muyamikireni chifukwa wamaliza botolo la madzi kusukulu, wakodza asanagone popanda kukumbutsidwa, kapena wanena zoona m'mawa. Sungani kakalendala kumapeto kwa kope, polemba usiku wouma ndi wonyowa, masiku amene wachita chimbudzi ndi zimene anamwa madzulo, ndipo kopelo lisakhale poti alendo angaliwerenge.

Mwayesa zonsezi koma sizikusintha

Perekani milungu 6 mpaka 8 musanagamule kuti njira zalephera, ndipo kupita patsogolo musakuyeze ndi usiku wouma wokha. Banga likayamba kuchepa, mwana akamanyowa kamodzi m'malo mwa kawiri, akamanyowa m'bandakucha m'malo mwa usiku woyambirira, kapena akayamba kudzidzimuka pamene mkodzo ukutuluka, ndiye kuti zinthu zikuyenda. Ngati palibe chilichonse mwa zimenezi, bwererani m'mbuyo mufufuze mwachilungamo ngati botolo la kusukulu likumwedwadi kapena likugawidwa kwa anzake, ngati m'mimba mwafewadi, ndiponso ngati pali wina pakhomo amene akumunyozabe inu mukachokapo. Kwa mwana wa mlongo wanga, tinakhoma matabwa atsopano pansi pa chimbudzi, amayi ake anabwerera ku mgaiwa, tiyi wa madzulo anatha, ndipo pofika nthawi ya mvula zoyamba ankanyowa kamodzi kapena kawiri pa mwezi m'malo mwa pafupifupi usiku uliwonse. Kusiyiratu kunatenga chaka china chathunthu.

Mwana wa zaka 7 kapena kuposerapo amene akunyowabe kangapo pa sabata, kapena wa msinkhu uliwonse amene vutoli likumusowetsa mtendere, mupite naye kuchipatala mutatenga buku lake la kuchipatala ndi kope lija, ndipo mupemphe kuti amuyeze mkodzo. Pali mankhwala otchedwa desmopressin amene amagwira ntchito ngati vasopressin uja, kuchepetsa mkodzo wa usiku. Amathandiza msanga, ngakhale ana ambiri amayambiranso akawasiya, ndipo ali ndi lamulo lolimba lakuti mwana asamwe madzi ambiri kuyambira ola limodzi asanawamwe mpaka maola 8 atawamwa, chifukwa madzi akachuluka m'thupi mchere wa m'magazi umatsika moopsa. Ena ndi imipramine, amene akamwedwa mopyola mlingo amasokoneza mtima mpaka kupha, motero amasungidwa pokhoma, kutali ndi ana aang'ono. Onse awiriwa si ogula mwa inu nokha kapena kupemphana ndi anansi.

Nkhawa imakula mwana akasankhidwa kupita kusukulu yogonera komweko kapena akaitanidwa kutchuthi kwa achibale. Musadikire sabata yomaliza. Kaonaneni ndi adokotala miyezi iwiri kapena itatu sukulu isanatsegulidwe kuti ngati pakufunika mankhwala ayesedwe mwanayo adakali pakhomo. Pokamusiya, lankhulani mwamseri ndi matroni kapena mphunzitsi woyang'anira kogona, mupemphe bedi lapansi loyandikana ndi khomo, ndipo m'sutikesi mwake muikemo pulasitiki yoyala pansi pa nsalu, zovala zogonera zingapo zofanana mtundu kuti kusintha kusaoneke, ndi jumbo lakuda losungiramo zonyowa mpaka nthawi yochapa.